Mzukwa Ungakhale Mboni? Zimene Owerenga a ku Tsabango Amafunsa

Mabuku anga ambiri sagona pakhomo. Amachoka kwathu ku Area 23 n'kukagona ku Kawale, a ku Kawale n'kupatsira mlamu wawo wa ku Biwi, ndipo pobwerera chikuto chimakhala chitang'ambika, masamba ena atadontheredwa tiyi. Amene amachedwa kwambiri kubwera ndi a mtundu umodzi: nkhani zofufuza milandu zosaonetsa magazi, zimene wofufuza wake ndi munthu wamba, kawirikawiri mayi, ndipo penapake m'nkhanimo mumadutsa mzukwa, loto kapena mphaka wodziwa zimene anthu sakudziwa. Ambiri mwa mabukuwa ndinawatola pamilu ya mabuku akaunjika amene amayalidwa m'mbali mwa misewu ya m'tauni. Wobwereka sabweza buku lokha. Amabwera ndi mafunso, wina akumwetulira, wina nkhope ili gwa. Mafunso otsatirawa ndi amene ndawamva mobwerezabwereza, ndipo mayankho ake ndi anga.

Achimwene, mabuku mumatibwereketsawa ndi a mtundu wanji kwenikweni?

Pa Chingerezi amawatcha cozy mystery. Liwu loyambalo likunena za kufunda ndi kukhazikika mtima, monga mmene munthu amamvera ali pafupi ndi mbaula mwezi wa Juni, chitseko chili chitsekere. Mlandu umakhalapo ndithu, nthawi zambiri munthu wafa, koma wolemba saonetsa bala. Malo ake amakhala aang'ono: mudzi umodzi, kamsika, tchalitchi, sitolo. Aliyense amadziwa mnzake, choncho wolakwa sachokera kutali. Ndi mmodzi mwa amene munadya nawo nsima pamaliro pomwepo. Wofufuza si wa CID ayi. Ndi mayi wophika makeke, wosunga laibulale, kapena mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo zida zake ndi makutu ndi kudziwa anthu.

Agogo a ofufuza onsewa ndi Miss Marple, amene anamupeka Agatha Christie. Buku loyamba lathunthu la mayiyu, The Murder at the Vicarage, linatuluka mu 1930, ndipo onse pamodzi alipo 12. Ndi mayi wokalamba wa m'mudzi wongopeka wa St Mary Mead, wokonda kuluka ndi kusamala dimba, amene apolisi amamuyesa wamiseche chabe. Njira yake ndi yophweka: munthu aliyense wachilendo amamufanizira ndi wina wa m'mudzi mwake amene anachitapo zofanana nazo. Galu wamkota sakandira pachabe.

Nanga mizukwa ikulowamo bwanji m'nkhani zofatsa chonchi?

Inalowa mochedwa, makamaka kudzera kwa olemba a ku America. Mu 1992 Nancy Atherton anatulutsa Aunt Dimity's Death. Mayi wina wachitsikana, Lori Shepherd, amalandira kanyumba ku England kosiyidwa ndi Dimity, mnzawo wa malemu mayi ake. M'nyumbamo muli kope la chikuto chobiriwira ngati thambo, ndipo Lori akalitsegula, zolemba za malemu Dimity zimaoneka zokha patsamba, kumuyankha ndi kumulangiza. Mabuku ambiri a mndandanda umenewu alibe n'komwe munthu wophedwa, ndipo kumapeto kwake kumakhala kaphikidwe ka chakudya china chotchulidwa m'nkhanimo.

Mu 2004 kunabwera The Ghost and Mrs. McClure, lolembedwa m'dzina la Alice Kimberly. Mayi wamasiye akuyendetsa sitolo ya mabuku ku Rhode Island, ndipo m'sitolomo mumakhala mzukwa wa munthu wofufuza milandu amene anaphedwera momwemo mu 1949. Limene limawagwira mtima amayi a geni kwathu kuno ndi Secondhand Spirits la Juliet Blackwell, la mu 2009, chifukwa mwini nkhani, Lily Ivory, amagulitsa zovala zakale ku San Francisco, ndipo akagwira chovala amamva za amene ankachivala. Aliyense amene anatsegulapo belo la kaunjika n'kupeza kakalata kapena kandalama kachilendo m'thumba la jekete amadziwa ganizo limene limabwera: mwini wake anali ndani, ndipo ali moyo?

Chimawakoka owerenga n'chiyani, poti zimadziwikiratu kuti wolakwa agwidwa?

Amene ndimacheza nawo sayambira pa mlandu. Amayambira pa anthu. Amafuna kudziwa ngati mayi uja ndi bambo uja atengana m'buku lotsatira, ngati sitolo ija idakalipo, ngati mphaka uja sanafe. Amene anakula akumvera Kapalepale kapena Pamajiga pa wailesi ya MBC, kapena kuonera Tikuferanji, amakudziwa kukoma kobwerera kwa anthu omwewo sabata ndi sabata mpaka kuwayesa anansi.

Koma pali china chozama kuposa pamenepo: m'mabukuwa mlandu umatha. Munthu wa ku Mgona kapena ku Chinsapo amene akuba anam'thyolera nyumba usiku, n'kunyamula matiresi, wailesi ndi thumba la chimanga, amadziwa kuti kawirikawiri katundu sabwerera ndipo wakuba sadziwika. Timati mlandu suola, komabe ambiri a ife tili ndi milandu imene inaolera m'mitima mwathu osaweruzidwa. Ndiye munthu akatenga buku limene chobisika chilichonse chimaululika tsamba lomaliza lisanafike, mtima umapumula. Mayi amene watopa ndi geni ya tsiku lonse, kapena namwino amene wangoweruka, safuna buku loti likam'lotetse zoopsa. Amafuna loti awerenge ndi tochi ya foni magetsi atazima, n'kugona tulo tabwino.

Ngati mzukwa ukudziwa amene anaupha, bwanji osangom'tchula, nkhani n'kuthera pomwepo?

Ili ndiye dandaulo limene ndimalimva kwambiri, makamaka kwa abambo, ndipo si lachilendo. Mu 1929 Ronald Knox, wansembe wa Katolika wa ku England amene ankalembanso nkhani zofufuza milandu, analemba malamulo khumi a nkhani zotere, ndipo lachiwiri linaletseratu zamizimu. Maganizo ake anali akuti wowerenga ndi wofufuza ali pabawo limodzi. Njere zonse zikhale m'maenje, aliyense aziona. Wolemba amene wasowa potulukira n'kuitana mzimu kuti udzatchule dzina ali ngati wosewera amene watulutsa njere m'thumba la malaya.

Olemba aluso amazemba vutoli m'njira ziwiri. Yoyamba ndi yakuti chamizimucho chimapezeka kuti chinali chinyengo cha munthu. M'buku la Arthur Conan Doyle la The Hound of the Baskervilles, la mu 1902, dera lonse limanjenjemera ndi galu wa temberero amene akuti amapha anthu a banja limodzi. Sherlock Holmes amapeza kuti ndi galu weniweni, wopakidwa mankhwala onyezimira mumdima, ndipo womuweta ndi wachibale wofuna chuma cha banjalo. Amene amakumbukira chilombo cha ku Dowa cha mu 2003, chimene chinapha anthu atatu n'kuthawitsa anthu zikwi m'midzi mwawo, akudziwa mmene nkhani yotere imagawira anthu: akuluakulu oona zanyama ankati mwina ndi fisi wachiwewe, eni mudzi ambiri ankati fisi sachita zotere.

Njira yachiwiri ndi yakuti mzimu ndi weniweni m'nkhanimo, koma uli ndi malire. Sunaone amene anaukantha chifukwa anadzera kumbuyo, kapena umaiwala, kapena, monga Dimity, umangopereka uphungu basi. Njira imeneyi si yobwereka kwa ife. Nthano ya Sikusinja ndi Gwenembe, imene J.W. Gwengwe anaiika m'buku ndipo ambiri tinakumana nayo kusukulu, ndi nkhani ya munthu wophedwa panjira popanda mboni, ndipo chinsinsi chimaululidwa ndi mbalame yoimba. Komatu mbalame imangoimba. Kumva nyimboyo, kufunsa woganiziridwayo, ndi kuweruza, zonsezo zimatsalira anthu.

Ine ndili mbali imeneyo. Mzimu ulozere kumene wofufuza ayang'ane, koma chogwira munthu chikhale umboni umene wowerenga akanatha kuuona yekha. Buku limene loto lokha lamangitsa munthu ndimalitseka, ndipo chifukwa chake si malamulo a Knox okha, monga ndifotokozere kutsogoloku.

Bambo, ine ndine wa Chigwirizano. Kodi n'koyenera Mkhristu kuwerenga za mizukwa?

Amayi, funso lanu sindilitenga mopepuka. Mutu 18 wa Deuteronomo umaletsa kufunsira kwa akufa, ndipo pa 1 Samueli 28 timawerenga za Sauli amene anapita usiku kwa mkazi wa ku Endori kukaitanitsa mzimu wa Samueli, zinthu n'kumuthera moipa. Alipo owerenga, Akhristu ndi Asilamu omwe, amene amandibwezera buku atangofika pamene mzukwa wayamba kuyankhula. Sindilimbana nawo. Ndimawapatsa Miss Marple, mmene mulibe mzimu ndi umodzi womwe.

Ena amati kuwerenga si kuombeza ula. Agogo athu ankatisimbira za akalulu oyankhula ndi mbalame zoulula milandu, Lamulungu m'mawa n'kutitsogolera kutchalitchi, osaona kuti zikutsutsana. Ndiponso imodzi mwa nkhani zakale kwambiri zofufuza ili m'Baibulo la Akatolika, kumapeto kwa buku la Danieli. Mfumu inkakhulupirira kuti fano la Beli limadya chakudya chimene ankaliikira usiku uliwonse. Danieli anawaza phulusa pansi m'kachisimo chitseko chisanatsekedwe, ndipo m'mawa panapezeka mapazi a ansembe, akazi awo ndi ana awo amene ankalowera pakhomo lobisika. Chimene ine ndimayesera buku ndi ichi: kodi likundiphunzitsa kuopa mnansi wanga, kapena kufunsa bwino ndisanam'loze chala?

M'mabuku ena wofufuzayo ndi mfiti, ndipo akuti ndi yabwino. Mfiti yabwino iliko?

Apa ndiye pamene owerenga a kuno amasiyanirana kutali ndi a kumene mabukuwa amalembedwa, ndipo ndikufuna tichedwepo.

Kwa wowerenga wa ku America, liwu lakuti witch m'mabuku otere limanena mayi wokhala ndi zitsamba pawindo, makandulo ndi kachiweto kake, wothandiza anansi. Liwulo linazizira kalekale. Milandu yotchuka ya ku Salem, kumene anthu 19 anapachikidwa powaganizira ufiti, inachitika mu 1692. Papita zaka zoposa 300, ndiye lero angathe kuseweretsa liwulo ngati khala lozima. Kwathu khalalo likadali lamoto. Kafukufuku wa Afrobarometer wa mu 2022 anapeza kuti Amalawi 74 mwa 100 alionse amakhulupirira kwambiri kuti ufiti ulipo. Mu Januwale 2016, m'boma la Neno, anthu okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo mphenzi itapha mtsikana wachibale wawo. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017, mphekesera za anamapopa zinayambira cha ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika mpaka mumzinda wa Blantyre, ndipo anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu olusa pongowaganizira. Wowerenga wa ku Area 25 akamatsegula buku la mfiti yokoma mtima kapena la wopopa magazi wachikondi, zimenezi amakhala nazo m'mutu.

Lamulo la zaufiti limene dziko lino lili nalo ndi la mu 1911, la nthawi ya atsamunda. Limaletsa kumwetsa mwavi, limaletsa kudzitcha mfiti, ndipo kutchula munthu wina kuti ndi mfiti ndi mlandu woti munthu akhoza kulowa nawo m'ndende. Mu Disembala 2021 komiti yapadera younikanso lamuloli, motsogozedwa ndi Justice Robert Chinangwa, inapereka ganizo lakuti lamulo livomereze kuti ufiti ulipo, ndipo mabungwe omenyera ufulu wa anthu anatsutsa poopa kuti zala zoloza zichuluka. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza anthu achikulire. Zonsezi zikusonyeza kuti nkhaniyi kwathu si yocheza nayo pa tiyi.

M'makomboni mwathu muno tonse tikudziwa mmene zimayambira. Mwana wadzuka n'kunena kuti usiku anakwezedwa lichero. Wa golosale wasowetsa ndalama n'kuti pali wachitaka. Geni ya wina yakwera msanga, ndiye kuti ali ndi ndondocha. Ndipo chala sichiloza bwana wa galimoto ndi mpanda wa njerwa. Chimaloza agogo okhala okha kumapeto kwa mdadada, maso ofiira ndi utsi wa nkhuni, oyankhula okha chifukwa cha ukalamba.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti agogo amenewo ndi Miss Marple yemweyo. Mayi wokalamba, wokhala pakhonde tsiku lonse, woona aliyense wodutsa, wokumbukira amene anabadwa liti ndi amene anakangana ndi yani: ku England anam'sandutsa wofufuza wokondedwa ndi dziko lonse, kwathu timam'gwetsera nyumba. Choncho wowerenga akandiuza kuti mfiti yabwino kulibe, ndimamuyankha kuti m'Chichewa akunena zoona, pakuti mfiti ndi wodya anthu ndi wopha abale. Womasulira buku la Blackwell atalemba kuti Lily Ivory ndi mfiti, ndiye kuti walakwitsa kumasulira. Mayi uja ali pafupi ndi wodziwa zitsamba, kapena munthu wa maloto amene anzake amapita kukam'fotokozera zimene alota. Ndipo wolemba wa kuno amene angathetse nkhani yake pogwira mfiti, ngakhale atailemba mokoma chotani, wathira palafini pamoto umene ukuyaka kale.

Kodi ku Malawi kuno tili nazo nkhani zotere?

Mbewu yake ilipo yambiri. Amene amatchera khutu ku MBC Radio 1 usiku amaidziwa pulogalamu ya Nkhani za M'maboma, mmene nkhani zotumizidwa ndi omvera zimasimba zodabwitsa za m'midzi ndi m'matauni, zina za ufiti ndi zizimba. Harri Englund, katswiri wa zachikhalidwe wa pa yunivesite ya Cambridge amene anakhala nthawi yaitali ku Chinsapo ndipo amayankhula Chichewa, analemba buku lonse la pulogalamuyi, Human Rights and African Airwaves, lotuluka mu 2011. Chimene anaona n'chakuti omvera satsata zodabwitsazo chabe. Nkhanizo zimawapatsa njira yodzudzulira bwana wankhanza, mphunzitsi wamkulu wosalongosoka, mfumu yadyera kapena mwamuna wosasamala banja. Kunena kwina, womvera wa ku Chinsapo amafuna chimene wowerenga wa Aunt Dimity amafuna: chobisika chituluke, wamphamvu achite manyazi, mudzi ukhalenso bwino.

Kumbali ya mabuku, Aubrey Kalitera analemba nkhani zaupandu ndi zachikondi pa Chingerezi, kuyambira ndi A Taste of Business mu 1976, ndipo pambuyo pake ankadzisindikizira yekha ku Blantyre m'dzina la Power Pen Books. Pa Chichewa tinakula ndi Willie Zingani, Jolly Max Ntaba ndi Whyghtone Kamthunzi, amene nkhani zawo zinkazungulira pa chikondi, ndalama, njala ndi khalidwe. Steve Chimombo anamanga zolemba zake zambiri pa Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chogumula nthaka. Shadreck Chikoti, wa mumzinda uno wa Lilongwe, anatitengera zaka mazana kutsogolo ndi Azotus the Kingdom mu 2015. Pashelefu yanga malo amene ali pululu ndi a mndandanda wa Chichewa wokhala ndi wofufuza mmodzi, dera limodzi, ndi mlandu watsopano m'buku lililonse.

Mma Ramotswe uja wa ku Botswana, si wathu amene uja?

Ndi amene ali pafupi kwambiri. Alexander McCall Smith, amene anabadwira ku Bulawayo mu 1948, anatulutsa The No. 1 Ladies' Detective Agency mu 1998, ndipo mabuku ake apitirira 20. Precious Ramotswe amatsegula ofesi yofufuza ku Gaborone ndi ndalama za ng'ombe zimene bambo ake anam'siyira. Owerenga anga amagawikana pa iye. Ena amam'konda chifukwa akuonetsa Africa wa anthu aulemu, opatsana moni ndi omwa tiyi, osati wa nkhondo ndi njala. Ena amati shuga wachuluka, zikuonekeratu kuti wolemba ankalembera azungu anzake.

M'mabuku amenewa mulibe mzukwa, koma loyambalo limakhudza za mwana wobedwa chifukwa cha zizimba, ndipo mwanayo amapezeka wamoyo. Unity Dow, yemwe anali woweruza milandu ku Botswana komweko, analemba za nkhani yomweyo mu The Screaming of the Innocent mu 2002, ndipo iye sanathiremo shuga. Kwa ife amene taona abale athu achialubino akusakidwa m'dziko muno kuyambira cha mu 2014, ndikuona kuti Dow ndiye anachita bwino. Pali milandu ina yosayenera kuifunditsa bulangete.

Ndi liti pamene owerenga amakwiya ndi wolemba amene amam'konda?

Akam'gwirira munthu wawo molakwika. Conan Doyle atatopa ndi Sherlock Holmes anamupha m'nkhani ya mu 1893, ndipo owerenga anadandaula kosaleka mpaka anam'dzutsa mu 1903. Charlaine Harris analemba mabuku 13 a Sookie Stackhouse, mtsikana woperekera zakumwa m'tauni yongopeka ya Bon Temps ku Louisiana amene amamva maganizo a anthu, kuyambira ndi Dead Until Dark mu 2001. Mabuku amenewa ali ndi magazi ndi zachigololo kuposa ena ndatchulawa, choncho sindibwereketsa aliyense. Lomaliza, Dead Ever After, litatuluka mu 2013, owerenga ambiri anapsa mtima ndi mwamuna amene Sookie anathera naye, ena mpaka kumutumizira wolembayo mawu oopseza.

Kwathu mkwiyo wake ndi wofatsa, koma madandaulo ndi awa: kamudzi kakang'ono kangafe anthu chaka ndi chaka osasamuka? Bwanji buku lachisanu ndi chiwiri likufanana ndi lachitatu? Ndipo limene ndimagwirizana nalo kwambiri: bwanji pamaliro palibe wolira? M'mabuku ambiri otere munthu amafa m'mutu woyamba, m'mutu wachiwiri anthu ali kale pa makeke. Wowerenga amene anagonapo pasiwa, amene anaonapo adzukulu akukumba manda pa dothi louma la mu Okutobala, sangakhulupirire mudzi wotero.

Tingawapeze kuti mabukuwa?

Yambani ndi laibulale ya National Library Service ku City Centre, kenako milu ya mabuku akaunjika m'tauni. Pamilupo mudzapeza lachinayi musanaone loyamba. Musadandaule, pakuti buku lililonse lili ndi mlandu wakewake umene umathera momwemo. Mukapeza awiri, limodzi mupatse mnzanu, mudzasinthane.

Wina atati alembe ya kwathu kuno ku Tsabango, ingaoneke bwanji?

Ndakhala ndikuiganizira nthawi yaitali, ndipo ndimaiona chonchi. Wofufuza akhale agogo ogulitsa zitumbuwa pafupi ndi kiyosiki ya madzi, pamene mzere wa zigubu umayamba tambala asanalire kachiwiri ndipo nkhani zonse za m'dera zimadutsa. Ana awo anakwatiwa kutali, amuna awo anagona kalekale. Milandu yake isakhale ya mfuti. Ikhale ya mapepala a poloti amene asowa m'sutikesi ya mayi wamasiye tsiku lomwe achibale a mwamuna afika kudzagawa katundu, pamene lamulo la mu 2011 la chuma cha masiye likuti kulanda kotero ndi mlandu. Ikhale ya njinga ya kabaza yogulidwa pangongole imene yasowa pakhonde, ya mbuzi ya chinkhoswe, ya simenti ya chiliza imene yachepa m'njira.

Buku loyamba ndingaliyambe mu Disembala, usiku woti mawa lake amayi a banki m'khonde agawana ndalama za chaka chonse. Bokosi lili ndi maloko atatu, makiyi ali ndi amayi atatu osiyana, monga mwa dongosolo la magulu otere. M'mawa bokosi litsegulidwa pamaso pa onse, maloko ali bwinobwino, koma ndalama zaperewera ndi theka. Liwu loti chitaka lituluka pakamwa pa wina, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo maso onse ali pa mayi wachikulire wa lendi amene anasamukira m'deralo chaka chatha kuchokera kumudzi, wosadziwika bwino mtundu wake. Anyamata ayamba kale kutola miyala.

Usiku umenewo agogo aja alota mnzawo amene anayambitsa gululo, yemwe anamwalira m'dzinja lapitalo. Malemuwo sakutchula dzina la munthu. Angokhala pamphasa monga ankakhalira pamisonkhano, akutembenuzatembenuza loko m'manja, osayankhula. Agogo adzuka, afunda chitenje, apita kukapempha kuti aonenso bokosilo. Maloko awiri ndi adzimbiri, lachitatu likunyezimira. Kuyambira pamenepo mzimu wamaliza ntchito yake, zotsala ndi za miyendo ndi pakamwa. Apita kwa wogulitsa maloko pamsika kukafunsa amene anagula loko la mtundu umenewo sabata ino. Acheza ndi mnyamata wa kabaza amene ananyamula munthu usiku wa Lachinayi. Apempha mdzukulu wawo wa Fomu 2 awawerengere timabuku ta masheya, chidindo ndi chidindo, mpaka apeze tsamba limene inki yake ndi yosiyana. Apita kwa mayi woganiziridwayo, osati kukamufunsa mafunso, koma kukagona naye m'nyumba kuti woponya mwala adziwe kuti muli anthu awiri.

M'mutu womaliza anthu asonkhana pabwalo la amfumu, a chitetezo cha m'dera ataima chakumbuyo, amayi atakhala mbali yawo. Agogo agwada, awomba m'manja, apempha mwayi woyankhula. Amasula mfundo ya pachitenje n'kuika pamphasa maloko awiri ofanana, lina latsopano, lina lodulidwa ndi sowo limene analitola kudzala, n'kupempha kuti amayi atatu osunga makiyi aja abwere kutsogolo, aliyense ndi kiyi wake.